Maliro Odzera Ngalande Yakale

Lachiwiri, 15 Januwale 1963

Kwazizira kuposa dzulo, ngati zimenezo n'zotheka. Mkaka waundana m'botolo mpaka kukankha chivindikiro. Amuna anga a Cyril apita kukaona zitseko zotsekera madzi a m'ngalande poti ndiyo ntchito yawo, koma kuona chiyani? Chidutsireni Khrisimasi palibe boti ladutsa pamphambano pathu pano pa Wendle. Madzi a m'ngalande zonse aundana, asanduka ayezi gwa. Akuti masiku ano boma linawalemba ntchito yodyetsa abakha.

Maboti awiri a kwa Sibley akadali pomwe ayezi anawagwirira, kutsogolo kwa khitchini yathu, odzaza malasha opita ku London. Achikulire a Enoch ndi akazi awo a Lavinia amagona m'boti lokokedwa, mwana wawo Reuben m'boti la injini. Reuben ndi munthu wa imvi kale, koma mayi ake amamukalipirabe ngati wobadwa dzulo.

Masana a Enoch anandiitana ataima pakati pa ngalande ndi ndodo yawo. "Mayi Parfitt, mbalezo sizithawa. Bwerani mudzaone."

Ndinatsika mwamantha. Mphepo yasesa chipale chofewa pakati penipeni, pomwe ngalande ya kumpoto imakumana ndi ya kummwera, ndipo ayezi wa pamenepo ngoonekera ngati galasi. Zaka zonse ndakhala pano madzi amenewa ndimawadziwa a bii ngati tiyi wa dzulo. Koma poti palibe boti lowavundula, matope akhazikika. Ndinagwada n'kuyang'ana. Zitsulo za kumapazi kwa akavalo, mbwee. Ketulo. Kaliwo wadothi. Nthiti za boti lina lakalekale zitagona ngati za nyama. Ndiye chinsomba chachitali ngati mkono wanga chitangoima phee pansi pa mawondo anga, chikutsegula ndi kutseka kukamwa. Ndinamva chizungulire, ngati ndagwada m'malere.

"Pansi ponsepo ndi dongo," anatero a Enoch. "Anthu anakumba ndi mafosholo, kuchokera kuno mpaka London. Akatha ankathiramo dongo n'kuthamangitsamo ng'ombe kuti ziponde, madzi asamathawire pansi. Agogo a agogo anga anali m'gulu lokumbalo."

A Lavinia anasuzumira pakhomo la kachipinda ka boti. "Chaka chatha munati anali woweta ng'ombezo. Chaka chamawa adzakhala ng'ombe yeniyeniyo. Lowani muno, mukutsokomola."

Sanalowe msanga. Anandilozera kaye njira yachitatu ya mphambano, ngalande yakale ija yolowa pansi pa mlatho wa njerwa, imene inatsekeka ndi bango. Akuti imeneyo ndiyo inali yoyamba, yokhotakhota potsata mapiri, mpaka eni ake anatopa nayo n'kukumba yowongoka. Boti lomaliza linadutsamo Reuben akadali mwana. "Ine ndinabadwira uko, pa Sallowby, boti litaima kumunsi kwa tchalitchi. Abambo ndi amayi ali pomwepo, akundisungira malo."

Nsomba ija sikundichoka m'maso.

Lachitatu, 16 Januwale

A Enoch sanatuluke lero. Ndawapititsira msuzi wa nsawawa. Kachipinda kawo n'kakang'ono moti ukatambasula manja ukhudza makoma onse awiri, koma mkuwa uli waliwali, mbale zoboolaboola m'mbali zili ndandanda pakhoma, maluwa ojambula pachitseko chilichonse. Ndimalowamo kawirikawiri koma sindizolowera.

Ndinati abwere adzagone kunyumba, bedi la mwana wathu lili chabe chikwatiwire iye.

"M'nyumba pansi sipagwedera," a Enoch. "Tulo ndingatipeze bwanji?"

"Nanga muno pakugwedera?" a Lavinia.

"Boti silinaiwale, mayi. Ukatseka maso umalimva."

Dzuwa lisanalowe ndinawapititsira tiyi a Cyril akuswa ayezi pazitseko. Zitseko zathuzi n'zoseketsa ukaziganizira. Madzi a mbali iyi ndi a mbali iyo amasiyana ndi chikhatho chokha. Kale ngalande ziwirizi zinali za makampani awiri odana, aliyense kuopa kuti mnzake amubera madzi. Anamanga zitseko, anamanga nyumba ziwiri zoyang'anizana, n'kuikamo alonda awiri osapatsana moni. Inayo inagwa, yathu ndiyo yotsala. A C. amati tikulondera mdani amene anafa kalekale.

Lachinayi, 17 Januwale

Kambalame kobiriwira kodya nsomba, kamene kamakhala pamphambano pano, ndakapeza kataundana panthambi, kataima ngati kamoyo.

Lachisanu, 18 Januwale

Adokotala abwera wapansi, galimoto aisiya kumsewu waukulu. Chibayo. Akufuna awatengere kuchipatala. A Enoch angotembenukira kukhoma. Potuluka adokotala anagunditsa mutu pachitseko, a Enoch n'kuseka mpaka kutsamwa.

Ndikukatapa malasha kukhola lakale la akavalo ndinamva Reuben akulankhula ndi a C. Akuti wapeza ntchito kufakitale ya magalimoto ku Coventry, ndi nyumba yomwe. "Zatha izi, a Cyril. Amene amadikira malasha athuwa apeza kale malole. Ayezi akasungunuka sabwereranso kwa ife."

A C.: "Wawauza akuluakulu?"

R.: "Ndiyambire pati?"

Ndinabwerera ndi ndowa yopanda kanthu kuti asandione.

Loweruka, 19 Januwale

Mphepo. Chipale chafika pazenera. Chifuwa chawo chikumveka mpaka kukhitchini kuno.

Lamulungu, 20 Januwale

Kutangocha a Lavinia anagogoda kukhitchini, chitini chawo chamadzi chili m'manja. Atavala bwinobwino, tsitsi lomanga. "Mayi Parfitt, mundithandize madzi otentha. Ambirimbiri." Ndinadziwa.

Tawasambitsa a Enoch awirife. Manja awo, Mulungu wanga. Zikhatho zolimba ngati chikopa cha nsapato, ndi mzere wakuya podutsa chingwe. A L. ankalankhula nawo ngati amoyo. "Kwezani mkono. Eya. Kuuma mutu mpaka lero."

Akuti a Enoch anapempha chitseko chitsegulidwe kuti aone kunja. Anayang'ana mlatho kanthawi, n'kunena kuti, "Kwacha, tiyeni timasule." Basi.

Mphepo yaleka masana. Bata limene lili panjapo sindinalimvepo. Palibe injini, palibe mbalame, palibe ngakhale madzi odontha pazitseko. Ndinaima pakhomo mpaka ndinayamba kumva mtima wanga.

Lolemba, 21 Januwale

Okonza maliro aimba lamya. Akuti msewu wa kuno ukatseguka abwera ndi galimoto kudzawatengera kumanda a m'tauni, poti wa ku Sallowby watsekeka ndi chipale chopitirira mipanda. R. anavomera, n'kupita kukauza mayi ake. Pasanapite nthawi onse awiri anali m'khitchini mwanga.

"Pamateyala ayi," a L. "Munthu wa m'boti amapita kwawo pamadzi. Tinatero ndi apongozi anga, tinatero ndi mlongo wako. Bambo ako sakwera galimoto ngati thumba la mbatata."

"Amayi, madzi ake ati? Tayang'anani panjapo."

"Ndayang'ana. Iwe ndiye sunayang'ane." Anamukokera pazenera ndi malaya n'kuloza ngalande yakale. "Bango lagona. Matope aundana. Njira inatsekeka zaka zonsezi, yatseguka yokha sabata yomwe akuifuna, iwe n'kumati galimoto?"

Tonse tinayang'ana. Zoonadi. Pansi pa mlatho wa njerwa, pomwe chilimwe sipadutsa ngakhale bakha, pali msewu woyera, wosalala, wokhota kulowera kumapiri.

A C. anakanda m'mutu. "Nanga phanga?" Panjirayo pali phanga, pomwe ngalande imadutsa pansi pa phiri.

"Phanga lilipo chikhalire," a L. "Silinadyepo munthu wa kwa Sibley."

R. anatenga chipewa n'kufunsa a C. komwe amasunga chobowolera.

Lachiwiri, 22 Januwale

A C. ndi R. ayenda ngalande yakale yonse akubowola ayezi. Abwera nkhope zofiira, ndevu zoyera. Ponseponse ngolimba, kuchindikala kwake kuyambira pachigongono mpaka kunsonga ya chala. Kupatula m'phangamo. Mkati mumafunda, ndipo muli akasupe odontha kudenga. Analowa pang'ono, ayezi anayamba kulira, anabwerera.

A C. aganiza zoika bokosi m'chibwato chathyathyathya chija amachotsera matope, atakhoma zitsulo ziwiri kunsi kwake kuti chizitsetsereka. Ayezi akagwira, ndi ngolo. Akasweka, ndi boti. Ndinafunsa ngati mabwana awo akudziwa. "Adzamva chilimwe."

A Oakden a kufamu abwereketsa kavalo wawo wamkazi, Blossom, ndipo am'khomera misomali kumapazi kuti asaterereke. Abusa avomera pa lamya kuti maliro akhale Lachinayi. Amuna a ku Sallowby ayamba kale kusonkha moto pamalo a manda kuti nthaka ifewe.

Bokosi akukhoma R. yekha m'khola, ndi matabwa a pamwamba pa boti la bambo ake. A C. anafuna kumuthandiza, anakana. Hamala ikumvekabe.

Lachitatu, 23 Januwale

Sindikudziwa kuti uthenga wayenda bwanji. Lamya alibe, makalata sawerenga. Koma dzuwa litakwera pang'ono ndinatuluka kukataya phulusa, ndinaona timadontho takuda kutali pangalande ya kumpoto. Ndinatembenuka, kummwera chimodzimodzi. Anthu. Akuyenda pakati penipeni pa ngalande, pomwe moyo wawo wonse amadutsa ndi maboti, ovala zakuda, wina kumbuyo kwa mnzake monga momwe maboti amatsatirana. Mitengo yonse yoyera ndi chisanu, dzuwa lofiira ngati khala, mpweya wa m'kamwa mwawo ukukwera ngati utsi. Ndinaima ndi ndowa ya phulusa mpaka zala zinakakamira kuchitsulo.

Ndi a m'maboti ogwidwa ndi ayezi m'malo ena. Ena ananyamuka dzulo. Akuti uyu anauza uyo, uyo anauza wina. Tsiku lonse akhala akufika, aliyense kulowa kaye m'kachipinda kukaona nkhope. Ndaphika buledi mpaka ufa kutha. Agona m'khola ndi m'maboti awiriwo.

Mkulu wina wosaona bwino, a Absalom Trice, anapempha kuti ndiwaperekeze kumlatho wa njerwa. Pakona pake pali chitsulo chotetezera njerwa, ndipo zingwe za akavalo zinachidya mizere yakuya yolowa chala chonse. Ndimadutsapo tsiku lililonse osaima. Iwo anavula magolovesi n'kuyendetsa zala mumzere umodziumodzi.

"Chingwe cha thonje, mayi. Chonyowa, chamchenga. Kudya chitsulo. Tangoganizani akavalo angati." Anavalanso magolovesi nati, "Enoch kunama ankatha, koma kavalo ankamudziwa."

A L. andiuza kuti mawa ndikwera nawo m'chibwato, ndikagwire nyali m'phanga. "Ndinu wopepuka, ndipo simukuwa." Sanandifunse. A C. anangoyang'ana pansi.

Ndikuopa.

Lachinayi, 24 Januwale

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Tinanyamuka dzuwa litatuluka. Bokosi pakati pa chibwato, a L. ataima kumbuyo ndi mtengo wautali ngati chiwongolero, ine nditakhala pambali ndi nyali. Blossom m'kanjira ka m'mbali, a Absalom atamugwira pakamwa. Anakana kuti wina achite, akuti kavaloyo ndiye aziwaonera njira. Chingwe chinakungika, chibwato chinati kwee, n'kuyamba kuyenda. Polowa pansi pa mlatho chingwe chinagwera chokha mumzere wina wa chitsulo chija n'kulira. Amuna onse anavula zipewa. Sindikudziwa ngati anavulira a Enoch kapena kulirako.

Ngalande yakale sindinaiyendepo. Imakhota moti nsanja ya tchalitchi cha Sallowby unkaiona kumanja, kenako kumanzere, kenako kumbuyo. Tinadutsa mauvuni ogumuka owotcheramo njereza, doko lina lomera mitengo, boti lomira mphuno yokha ili kunja. M'minda chipale chinaonetsa mizere ya anthu amene ankalima ngalande isanabwere, mafunde mafunde mpaka kuphiri. Anthu kumbuyo kwathu ankatchula malo: apa pankagulitsidwa mowa, apa mwana wa uje anagwera, apa Enoch anamenyana ndi wina polimbirana kudutsa. "Ndipo anagonja," a L., osatembenuka.

Tinafika paphanga. Pakhomo pake ayezi wolendewera kuchokera kudenga mpaka pansi, mizati mizati, ina yonenepa ngati munthu, yobiriwira mkati. Dzuwa linalasa pamenepo ndipo khomo lonse linayaka. Tchalitchi chachikulu chomwe ndinalowamo ku Lichfield ndili mtsikana sichinandichititse chonchi.

M'phanga mulibe njira ya kavalo. A Absalom anam'masula Blossom n'kukwera naye phiri pamodzi ndi anthu onse, kukatidikira mbali inayo. Tinatsala anayi ndi malemu: a L., R., a C. ndi ine. R. anagumula mizati yapakati ndi mtengo wangowe. Inagwa ikulira ngati timabelu, kulirako kukupita mkati n'kubwerera.

Amuna awiriwo analowetsa chibwato pokankha ndi mitengo. Mdima. Nyali yanga inkaonetsa njerwa, njerwa, njerwa, iliyonse yoikidwa ndi dzanja la munthu pansi pa phiri, ndi mwaye wa nyali za anthu akale ukadali kudenga. Kutsogolo kadontho ka kuwala ngati batani. Madzi ankatidonthera m'khosi. Ayezi pansi pathu anayamba kubuula, kenako kung'aluka, mng'alu ukuthamanga patsogolo pathu ngati chinthu chamoyo.

Ndiye anasweka. Mphuno ya chibwato inagwa, madzi akuda analumphira mkati, bokosi linatsetsereka n'kudzandipana mwendo. Nyali sindinaitaye, sindikudziwa bwanji. A C. anandigwira pakolala. Chibwato chinapendekera uku, uku, kenako chinakhazikika. Chinayandama. Tinamva madzi akumenya m'mbali, phwa, phwa, phokoso limene tinali titaliiwala.

A L. anaika dzanja pabokosi. "Nawotu madzi anu, bambo. Mumadandaula."

Koma sitinkayenda. R. analasa mtengo pansi, unangolowa m'matope osapeza polimba, mpaka anavutika kuuzula. A C. chimodzimodzi. Madzi anali m'akakolo, mapazi osawamvanso. R. anayamba kutukwana. "Ndinanena ine. Tifera muno chifukwa cha mwambo."

"Tseka pakamwa pamaso pa bambo ako. Yala thabwalo chopingasa. Gona chagada, mutu kwa a Parfitt, mapazi kukhoma. A Parfitt, inunso mbali iyo."

"Amayi, sindinachitepo zimenezi. Ine ndi wa injini."

"Ine ndinazichita ndili ndi mimba yako. Phazi lamanja lidutse pamwamba pa lamanzere. Osathamanga, ukuchikhotetsa. Mvera mnzako. Ponda. Ponda."

Anagona amuna awiri akuluakulu, mitu kugundana, akuyenda pakhoma cham'mbali ngati nkhanu, nsapato zikulira panjerwa. Chibwato chinayamba kusuntha. Ndinayandikitsa nyali ndipo ndinaona kuti pomwe ankapondapo njerwa n'zodyeka kale, zosalala, mzere umodzi mpaka kutsogolo. Mapazi a R. ankagwera okha m'malo amenewo. Anaona nayenso. Anasiya kutukwana. Patapita kanthawi ndinamumva akulira, chapansipansi, koma kuponda sanasiye, ndipo mayi ake sanasiye kunena "ponda, ponda," mawu atatsika ngati otonthoza mwana.

Kadontho kaja kanakula. Tinayamba kumva nyimbo ya kutchalitchi. Anthu aja ankaimba pakhomo kuti tidziwe kuti alipo, mawu awo akubwera pamadzi, akudzaza phanga lonse. Pafupi ndi khomo ayezi anayambanso. A C. anaponya chingwe, amuna awiri atagona chafufumimba pamatabwa anachiwakha, Blossom anakoka, chibwato chinakwera pa ayezi chikukhuthula madzi. Kuwala kunandilasa m'maso.

A Absalom anafunsa, "Wanyowa Enoch?"

"Pang'ono," a L.

"Ndiye zili bwino."

Manda ankatuluka nthunzi, phulusa la moto uja lili m'mbali. Anawaika pafupi ndi makolo awo, pamalo pomwe ukaima umaona ngalande kumunsi. Zimene abusa ananena sindinazimve, mano anali kugundana. Mayi wina wa ku Sallowby amene sindikumudziwa anandivula nsapato n'kundikulunga mapazi ndi shawelo yake.

Tabwerera pathirakitala ya a Oakden yodzera m'minda. A L. anakana, abwera wapansi pa ayezi ndi anzawo, kudzera pamwamba pa phiri. Chibwato chatsala konko.

Lachisanu, 25 Januwale

Mwendo watupa, wabiriwira. A C. sakutha kuwongola msana, akuti pamakoma aziyendapo abuluzi. Anthu abalalika m'mawa, ena kumpoto, ena kummwera. Mphepo yatembenuka.

R. wawauza mayi ake za Coventry. Sindinamve mawu, ndinangoona chitseko cha kachipinda chotseka tsiku lonse. Potuluka anandipeza pampope nati, "Ankadziwa kale. Akuti abambonso ankadziwa." Akupita sabata yamawa. Nyumba ya kumeneko ili ndi chipinda cha mayi ake, cham'mwamba. A L. sanamuyankhe kuti apita kapena ayi.

Loweruka, 26 Januwale

Denga likudontha. Kuyambira mbandakucha, tho, tho, mbali zonse. A C. akuti tisanyengeke, kuzizira kubweranso.

A L. anabwera nditatha kusesa, opanda chitini, opanda chifukwa. Tiyi anakana. Anaima m'munsi mwa masitepe akuyang'ana m'mwamba.

"Mayi Parfitt, mumakwera zimenezi tsiku lililonse?"

"Kangapo."

"Tandionetsani."

Anakwera atagwira khoma ndi manja onse awiri. Akuti m'mwamba mwa nyumba ya munthu sanakweremo chibadwire. Ndinawalowetsa m'chipinda cha mwana wathu. Bedi sanaliyang'ane. Anapita pazenera.

Pamenepo imaoneka mphambano yonse, njira zonse zitatu, madzi opyapyala akunyezimira pamwamba pa ayezi mpaka kutali. Anaima nthawi yaitali.

"Ndadutsa pamenepa kambirimbiri, sindinapaonepo," anatero. "Ndinkaona mlatho, ndinkaona khoma, ndinkaona msana wa Enoch. Kani n'chonchi." Analoza pansi. "Ndiye boti langa ndi kaja? Kakang'ono kaja? Ana onse aja ndinawalerera mmenemo?"

Ndinati eya.

"Ku Coventry zenera lake liyang'ana chiyani?"

Ndinati sindikudziwa.

"Mundibweretsere mpando. Inu kazigwirani ntchito zanu."

Ndawapititsira. Dzuwa lapendeka, sanatsikebe.